Zogula zoyezera mvula: kodi setilaiti siyokwanira?

Mlembi: Abale ndi alongo, komiti yapempha kuti tigule zoyezera mvula zoti tiike pa sukulu ndi m'minda, koma a Msungichuma ali ndi maganizo ena. Tiyeni tiwamve tisanavote.

Msungichuma: Zikomo a Mlembi. Mu 1997 America ndi Japan anatumiza m'mlengalenga setilaiti ya TRMM yoyeza mvula kuchokera kumwamba, ndipo setilaiti ina ya GPM, yomwe inatumizidwa mu 2014, ikupitiriza ntchitoyo. Ziwerengero zimatuluka theka lililonse la ola, zaulere pa intaneti. Ngati akutha kuyeza mvula pakati pa nyanja yamchere, pamene palibe munthu, pamtunda angalephere bwanji?

Bambo Phiri: A Msungichuma, panyanja m'pamene ntchitoyi imaphweka. Kawirikawiri setilaiti siona madontho a mvula. Imamva mafunde osaoneka ndi maso otchedwa microwave amene chinthu chilichonse chimatulutsa mwachilengedwe. Madzi a m'nyanja amatulutsa mafunde ochepa, choncho amaoneka ozizira ndiponso ofanana dera lalikulu, pamene madontho a mvula amatulutsa ambiri, n'kuonekera poyera ngati nyali mumdima. Nthaka nayo imatulutsa mafunde ambiri, ndipo amasinthasintha malinga ndi chinyezi komanso zomera, kotero kuti mvula imabisika. Pamtunda akatswiri amadalira timibulu ta madzi oundana ta pamwamba pa mtambo, timene timamwaza ena mwa mafundewo. Mvula yochokera m'mitambo yotsika, makamaka ya m'mapiri, kawirikawiri sikhala ndi timibulu timeneti, ndiye setilaiti imaichepetsa kapena kuiphonya kumene.

Mayi Nabanda: Ndikuwonjezera pa mawu a Bambo Phiri. Chiwerengero chimodzi cha pa intaneti chimaimira dera la makilomita pafupifupi 10 m'litali ndi m'lifupi, chonsecho mvula imatha kukokolola munda wina n'kusiya wapafupi uli gwaa. Ngakhale eni masetilaitiwo amakonza ziwerengero zawo zomaliza pozifanizira ndi zoyezera za pansi.

Msungichuma: Ndamva, ndipo pa zamapirizo ndavomera. Komabe nkhawa yanga ikadalipo: choyezera chimafuna munthu wothira madziwo mu kabotolo ka mizere m'mawa uliwonse, pa ola lomwelomwelo, n'kulemba mamilimita m'buku, ngakhale pa tchuthi. Buku lodumpha masiku silingathandize aliyense. Ndalama ndidzatulutsa komiti ikatipatsa mayina a owerenga ndi a owalowa m'malo akadwala.

Wapampando: Pempho limeneli n'loyenera. A Mlembi, funsani amene angadzipereke, ndipo tidzavota mayinawo akapezeka.