Loweruka tikawafunsa chiyani aphungu?

Gulu: Mbumba ya Agogo, Harare

Amayi aang'ono: Mwadzuka bwanji nonse? Galimoto ya chimkuzamawu yadutsa m'mawa uno, akuti aphungu a dera lathu lino abwera ku holo Loweruka 10 koloko kudzamva madandaulo a anthu. Amayi amva okha ali pakhonde, ndiye akakamira kuti apita. Ndati ndiyambe ndafunsa eni mbumba.

Malume a ku Mufakose: Tadzuka mlongo. Amayi akati apita ndiye kuti apita, ndani angawaletse? Koma tisapite ngati anthu okaonerera gule. Pamisonkhano yotere amaloza anthu ochepa, aliyense funso limodzi, kenako bwana akuti ndikuthamangira kwina. Tigwirizane pompano chokanena.

Alamu: Ameneyu musamudere nkhawa a malume, ndi munthu womva. Mjigo wa pafupi ndi sitolo uja anakumbitsa ndi iyeyo ndi ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera. Ndipo pa nkhani ya zilango zimene azungu anaikira Zimbabwe salankhula moopa. Pa 25 Okutobala chaka chilichonse amakhala kutsogolo kwa chionetsero chotsutsa zilangozo.

Achemwali a ku Leeds: Moni nonse, ndangoweruka kumene. Alamu, mjigowo tathokoza. Koma agogo samwa chionetsero, amamwa nifedipine ndi metformin.

Alamu: Ayamba a ku UK.

Ine: Tisayambane m'mawa muno. Msuweni, paja unati umatsatira zimene amalankhula? Tatiuza mwachidule.

Msuweni wa ku yunivesite: Zokamba zonse za m'Nyumba ya Malamulo zimalembedwa mu Hansard, aliyense atha kuwerenga pa intaneti. Ndikaphatikiza ndi makanema a misonkhano yake, nyimbo zake ndi zitatu. Pa zaumoyo amati ndalama zake zifike pa 15 peresenti ya bajeti yonse ya dziko, mogwirizana ndi lonjezo limene mayiko a mu Africa anapanga ku Abuja mu 2001. Pa zothandiza osauka amati ndalama za BEAM, zolipirira ana osauka fizi, zizifika kusukulu msanga, penshoni ya bungwe la boma la NSSA ikwere. Pa zakunja amati mavuto athu gwero lake ndi zilango, ndipo amatamanda China chifukwa chotimangira Nyumba ya Malamulo yatsopano ku Mt Hampden. Ziwiri zoyambazo amangozikhudza, chachitatucho ndiye amatha nacho theka la ola.

Malume a ku Mufakose: Nanga 15 peresentiyo inafikapo?

Msuweni wa ku yunivesite: Zaka zambiri imaperewera bambo. Komanso kulemba ndalama m'bajeti ndi kuitulutsa kuti ifike kuchipatala ndi zinthu ziwiri. Funso labwino ndi lakuti iyeyo anachitapo chiyani pamene bajeti inkadutsa, chifukwa aphungu ndi amene amaivomereza.

Amayi aang'ono: Za peresentizo ine sindizidziwa mwananga. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Amati okalamba opitirira zaka 65 salipira kuchipatala cha boma, ndipo n'zoona, pa khadi sitilipira. Timadzuka mbandakucha, timakhala pabenchi, amayi amawayeza BP ndi shuga, adokotala amalemba kapepala. Tikafika pawindo la mankhwala, mwana wa pamenepo amangolemba mzere pa dzina la mankhwalawo n'kuti kagulani kunja. Kunjako akufuna madola a America, ndalama yathu ya ZiG amaiyang'ana kawiri. Amayi amasunga mapiritsi m'kachitini ka tiyi. Sabata yatha ndinawapeza akudula limodzi ndi mpeni pakati kuti afikitse kumapeto a mwezi. Ndinawalanda mpeniwo koma ndinalibe choti ndiwauze.

Achemwali a ku Leeds: Mayi aang'ono, chonde asamadule. Ena mwa mapiritsi a BP anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse, mukawadula mphamvu yonse imalowa kamodzi, atha kuchita chizungulire n'kugwa. Ndijambulireni paketi ndione. Bwanji simunanene?

Amayi aang'ono: Tinatopa kupempha mwana wanga. Nawenso uli ndi lendi.

Malume a ku Mufakose: Zimenezi zandipweteka. Tibwererako. Msuweni wanuyo atiuze kaye, malamulo amati chiyani za munthu wa msinkhu wa amayi?

Msuweni wa ku yunivesite: Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, gawo 76, amati nzika iliyonse ndi aliyense wokhazikika m'dziko muno ali ndi ufulu wolandira chithandizo choyambirira cha zaumoyo, ndipo amatchulanso mwapadera odwala matenda a mgonagona. Palibe chipatala chololedwa kubweza munthu wofunika chithandizo cha mwadzidzidzi. Gawo 82 ndi la opitirira zaka 70: chithandizo cha mankhwala kuchokera ku boma, thandizo la ndalama, ndi chisamaliro kuchokera ku boma ndi kwa abale awo. Vuto lake, magawo onsewa ali ndi mawu akuti boma lichite izi molingana ndi chuma chimene lili nacho. Pamenepo ndi pamene amathawira.

Alamu: Sikuthawa ayi, ndi chilungamo. Chuma chingapezeke bwanji dziko litamangidwa manja? Ndi zimene aphungu amanena. SADC yonse inavomereza mu 2019 kuti zilangozi zichoke, ndi Malawi yemwe.

Msuweni wa ku yunivesite: Alamu, pang'ono mukunena zoona. Lamulo la America la ZDERA la mu 2001 likadalipo ndipo limakhudza ngongole za ku mabanki aakulu a dziko lonse. Koma mu Malichi 2024 America inathetsa ndondomeko yakale ya zilango za pa Zimbabwe, n'kuika zina pa anthu 11 ndi makampani atatu. Akayankha kuti zilango, tikamufunse kuti zitizo kwenikweni, ndipo zikuletsa bwanji metformin kufika pawindo.

Achemwali a ku Leeds: Ine nkhani ya zakunjayi sindikuitaya, kungoti aphungu amaigwira kumchira. Mu Januwale 2025 America itaimitsa thandizo lake lakunja, mukukumbukira mantha amene anagwira anthu pa makiliniki? PEPFAR, thandizo la America lolimbana ndi Edzi, ndi thumba la mayiko la Global Fund akhala akunyamula gawo lalikulu la ntchito ya ma ARV kwathu kuno. M'banja mwathu muno muli anthu akumwa mankhwalawa, sinditchula mayina. Tsono munthu amene amadzudzula azungu pamsonkhano atiuze: akachokeratu, mankhwala tigula ndi chiyani? Msonkho wa Edzi wa 3 peresenti timadulidwa kuyambira mu 2000, koma pawokha sukwana. China yatimangira nyumba yokambiramo, chabwino, nanga za mankhwala anakambirana nawo?

Alamu: Inuyo munathawa odwala n'kupita kukasamala azungu, lero mukutiphunzitsa.

Malume a ku Mufakose: Mkamwini, pamenepo mwalumpha malire. Ndalama za maliro a chaka chatha anatumiza ndani? Fufutani uthengawo.

Alamu: Pepani a malume. Pepani mlamu, pakamwa panatsogola.

Achemwali a ku Leeds: Zatha alamu. Koma funso lanulo ndi labwino, likafunsidwe kwa aphunguwo. Anamwino tikuchokeranji? Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala. Chaka chomwecho kunabwera lamulo loletsa azaumoyo kunyanyala ntchito kupitirira maola 72, wolakwira mpaka miyezi 6 kundende. Anzanga ambiri atamva zimenezo anayamba kusaka mapasipoti.

Ine: Mafunso achuluka tsopano. Tili ndi mwayi umodzi, mwina uwiri tikakhala motalikirana mu holomo.

Amayi aang'ono: Musaiwale chitupa. Cha amayi chikadali ndi chilembo A chija, chosonyeza kuti ndi mlendo m'dziko muno. Ndinapita nawo kukafunsa za kalata ya AMTO, ija boma limalipirira osauka kuchipatala, atangoona chitupacho nkhope zinasintha. Amayi anabadwira pa famu kuno konkuno mu 1947, ku Ntcheu anapitako kukaona manda a makolo basi.

Msuweni wa ku yunivesite: Azakhali, chimenecho sichofunika kupempha phungu, ndi ufulu wawo kale. Gawo 43 likuti munthu wobadwira muno malamulowa asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno mu 2013, ndi nzika yobadwa nayo. Chofunika ndi kupita ku ofesi ya ziphaso kukasinthitsa. Lachiwiri ndilibe kalasi, nditha kuwaperekeza ku ofesiyo ku Makombe.

Malume a ku Mufakose: Chitupa ndi ntchito yathu, Lachiwiri. Koma akatchulebe mu holomo, poti agogo a chilembo chimenechi m'dera muja ndi ambiri, ndipo chilembocho chimawavutitsa polembetsa kuvota. Phungu amawerenga mavoti. Akadziwa kuti nkhalamba zonsezo zikasintha zitupa zidzakhala pamzere wovota, makutu atseguka.

Alamu: Apo ndiye ndagwirizana nanu. Akhoza kuitanitsa a ziphaso kuti abwere ku holo konko, amachita nthawi zina chisankho chikayandikira.

Ine: Ndiye ndilembe chonchi. Funso loyamba, la mankhwala: timalipira msonkho wa zaumoyo pa eyataimu kuyambira mu 2017, mu 2024 anawonjezera wa shuga wa m'zakumwa ati ndi wa makina a khansa, nanga bwanji okalamba a BP ndi shuga akuuzidwa kukagula okha, ndipo inu mwafunsapo nduna liti? Funso lachiwiri, la ma ARV thandizo lakunja likatha. Chitupa tikachilowetse m'mawu oyamba a wofunsayo.

Msuweni wa ku yunivesite: Onjezani kuti akafunse nduna ya zaumoyo molemba, m'Nyumba ya Malamulo, kuti yankho likalowe mu Hansard. Akapanda kutero tili ndi gawo 149, nzika iliyonse itha kulembera Nyumba ya Malamulo pempho. Ndisindikiza mafunsowa pamapepala awiri, lina timupatse m'manja, lina mlembi wake asaine kuti walandira.

Malume a ku Mufakose: Bwino. Malamulo anga ndi awa: palibe wovala malaya a chipani chilichonse, palibe wotchula dzina la chipani, palibe wojambula anthu. Tikukakamba za mankhwala a amayi. Mkamwini, inu amakudziwani, mukakhale pafupi ndi amayi kuti oloza anthu awaone.

Achemwali a ku Leeds: Ine mukandiuze zonse mukatuluka.

Amayi aang'ono: Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tikuimbira foni ili m'thumba udzimvere wekha.

Malume a ku Mufakose: Tsopano kachitini kaja. Gawo limene watiwerengerali latchula boma ndi abale, ndiye mbali ya abale isadikire Loweruka. Aliyense wogwira ntchito madola 10 pamwezi, pa EcoCash ya mlongo wanga, lisanafike tsiku la 5. Ine ndayamba, mlongo taona foni.

Amayi aang'ono: Yalowa achimwene, zikomo. Koma pali china. Ndawawerengera amayi zonsezi, akuti funso loyambalo safuna wowafunsira. Aima okha ndi ndodo yawo, kachitini kali m'manja, ndipo alankhula Chichewa.

Alamu: Aphungu amva koma? Bwanji Chishona?

Msuweni wa ku yunivesite: Chichewa chili pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'gawo 6. Alankhule, ine nditanthauzira.

Ine: Mayendedwe bwanji? Kombi agogo sangakwere ndi mwendo uja.

Alamu: Ndidzawatenga 9 koloko, malo alipo a anthu anayi. A malume mudzatipeza konko. Mafuta ndi anga.

Amayi aang'ono: Za Lachiwiri, ndani ali ndi kalata ya ubatizo ya amayi ija ya ku famu? M'sutikesi mulibe.

Malume a ku Mufakose: Ili kuno m'Baibulo la malemu bambo. Ndibwera nayo Loweruka.