Abambo akunyumba ali ndi Parkinson, tsopano ayamba kuona anthu omwe palibe

Mayi a ku Ngabu: Abambo akunyumba ali ndi zaka 68, Parkinson, nthenda ya ubongo yonjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, anawapeza nayo zaka 6 zapitazo. Amamwa mankhwala a Sinemet ndi Artane. Kunjenjemera tinazolowera, koma tsopano amachedwa kuyankha, ndipo madzulo amati pakhonde pakhala anthu pomwe palibe. Kodi mutu wayamba kusokonekera? Zidzafika pati?

Namwino wa ku Nsanje: Mayi, choyamba n'chakuti zayamba liti. Ngati asintha m'masiku awiri kapena atatu okha, kawirikawiri pamakhala china: malungo, matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, kudzimbidwa kapena kuchepa madzi m'thupi. Akayezetse magazi ndi mkodzo lero lomwe. Parkinson yokha imasintha munthu pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka.

Koma ine ndikukayikira Artane, yemwe ena amamutcha benzhexol. Amachepetsadi kunjenjemera, koma kwa achikulire amabweretsa kuiwala, kuona zinthu zomwe palibe ndi kuvutika pokodza. Amachepetsanso thukuta, ndiye taganizani kutentha kwathu kuno mu Okutobala, kopitirira madigiri 40. Musawasiyitse nokha, adokotala ndiwo azichepetsa pang'onopang'ono. Sinemet ndiye osadukiza n'komwe, kusiya mwadzidzidzi n'koopsa.

Mphunzitsi wa zaumoyo: Kuchedwa kuyankhako si kuiwala nthawi zonse. Matendawa amachedwetsa maganizo, yankho lilipo koma limabwera mochedwa. Funsani chinthu chimodzi, dikirani, musawayankhire. Ena amafikadi posokonekera kwambiri pakapita zaka zambiri, ena ayi, ndipo palibe angakuuzeni chaka chake.

Anthu a pakhondewo si ufiti. Amaoneka kwambiri kukamada, choncho yatsani nyali msanga, chotsani zovala zopachikidwa pakhoma. Musatsutsane nawo, ingonenani kuti inu simukuwaona.

Namwino wa ku Nsanje: Chinanso, mukapita kuchipatala nenani msanga kuti ali ndi Parkinson. Izi n'chifukwa choti mankhwala a misala monga haloperidol ndi chlorpromazine, komanso oletsa kusanza a metoclopramide, amaumitsa thupi koposa. Pemphani awayeze BP atagona mphindi 5, kenaka ataimirira. Nambala yam'mwamba ikatsika ndi 20, zimenezo zimabweretsa chizungulire chomwe chimagwetsa anthu. Madzi azimwa pafupifupi malita 2 patsiku ngati mtima ndi impso zili bwino. Sinemet azimwa mphindi 30 asanadye, chifukwa nsomba, nyemba ndi nandolo zimachepetsa mphamvu yake zikakumana m'mimba. Lembani m'kope nthawi yomwe amwa mankhwala ndi nthawi yomwe ayamba kuona anthuwo kwa sabata imodzi, kopelo mupite nalo. Zikapitirira Artane atachotsedwa, pemphani kalata ya ku Queens.