Ndikufuna kugoneka makolo anga ku Savoy usiku umodzi, ndithandizeni maganizo

A admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali abale anga ndipo makolo nkhaniyi sakuyidziwa.

Ndine namwino, ndili ku Nottingham chaka chachinayi tsopano. Bambo ndi mayi akubwera mu Okutobala, viza inatuluka kale, ndipo mwezi womwewo akukwanitsa zaka 40 ali m'banja. Bambo anga ndi mphunzitsi wopuma, aphunzitsa History ku sekondale moyo wawo wonse. Za London amazifotokoza ngati anabadwira komweko, chikhalirecho ndege sanakwerepo. Mayi sukulu analekezera panjira, Chingerezi amamva koma kuyankha amachita manyazi. Ndi amene ankakazinga zitumbuwa m'bandakucha kuti ine ndipeze fizi.

Kuyambira Febuluwale ndakhala ndikutenga mashifiti owonjezera, ndipo ndalama yakwana yoti ndiwagoneke usiku umodzi ku Savoy, hotela yakale ija ili pa Strand, kumbuyo kwake kuli mtsinje wa Thames. Chipinda choyang'ana kumtsinje chikuposa lendi yanga ya mwezi wathunthu. Ndikudziwa, musandikumbutse.

Vuto ndi loti ineyo malo otere sindinagonepo. Ndikumva kuti ukamalowa amagwira ndalama ina pa kadi, kodi imabwerera? Nanga mayi akavala chilundu ndi duku sakawayang'ana modabwa? Bambo nsima akapanda kudya amati agona ndi njala. Za kangachepe kwa onyamula zikwama sindidziwa kuti amapereka bwanji. Koma chomwe chikundisowetsa tulo kwenikweni n'chakuti ndiwauze mtengo kapena ndibise. Mayi ndikuwadziwa, akamva sakagona, akangokhala tsonga pamphepete pa bedi kuwerengetsera matumba a chimanga.

Amene munagonapo m'mahotela oterewa, kapena mumagwirako ntchito, ndiuzeni zoona zake.

Ndemanga

Bambo wa ku Area 25: Achemwali, usiku umodzi? Ndalama imeneyo ndi matumba angati a feteleza? Ukatseka maso Savoy ndi resitihausi ya ku Limbe n'chimodzimodzi. Atumizireni ndalamayo agule mbuzi.

Wofunsa: Achimwene, nyumba ndinawamangira, sola ndinaika, feteleza ndimatumiza chaka ndi chaka. Mbuzi zilipo zisanu ndi ziwiri. Ndafunsa kakonzedwe kake, kaya ndipite kaya ndisapite ndinaganiza kale.

Bambo wa ku Area 25: Pepani madamu, ndiye pitirizani, ife tizingoonera zithunzi.

Mlongo wogwira ntchito ku hotela, London: Sisi, ine ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi polandirira alendo pa hotela ina yaikulu muno mu London. Si Savoy, koma kachitidwe kake n'kofanana. Choyamba musawagoneke kumeneko usiku woyamba. Ngati akubwera pa ndege ya Ethiopian kudzera ku Addis Ababa, akafika ku Heathrow m'mamawa atachezera mu ndege usiku wonse, pomwe mahotela ambiri chipinda amapereka 3 koloko masana. Adzakhala maola ambiri pa mpando maso ali psuu, akadzalowa m'chipinda adzangogwera pa bedi mpaka kucha, ndalama yanu yonse yapita ndi mkonono. Apite kaye kwanu, adye nsima sabata imodzi, azolowere kuzizira, kenako mukwere nawo sitima kupita ku siteshoni ya St Pancras ku London thupi lili m'malo.

Za kadi. Ndalama ija sakulandani, amangoyigwira ngati chikole kuti mwina mudya kapena kumwa zina n'kulembetsa pa chipinda. Mukatuluka amayimasula, koma banki imatha kutenga masiku angapo isanayibweze. Ndiye ngati muli ndi credit card perekani imeneyo. Ndaona anthu akupereka debit card yolandirira malipiro kenako n'kulephera kugula tikiti ya sitima yobwerera. Afunseni pa imelo kuti amagwira zingati pa usiku, amayankha bwinobwino.

Mu imelo yomweyo nenani kuti ndi chikondwerero cha zaka 40 za ukwati. Sindikulonjeza kanthu, koma ife tikaona mawu amenewo timayesetsa, mwina kakeke, mwina chipinda chabwinoko ngati chilipo. Ngati mayi ali ndi vuto la mawondo pemphani chipinda chokhala ndi shawa yongolowa, chifukwa mabafa a m'mahotela akale ndi akuya, kulowa n'kosavuta koma kutuluka ndi nkhondo. Pemphaninso chapafupi ndi chikepe. Sankhani mtengo wophatikiza kadzutsa, kulipira payekha m'mawa kumawawa.

Kangachepe si lamulo kuno. Wonyamula zikwama mukamupatsa mapaundi awiri kapena asanu, walandira ndi manja awiri. Kumalo odyera yang'anani pa bilu, nthawi zambiri service charge, ndalama ya okutumikirani, amakhala aika kale, 12.5% kapena kuposerapo pang'ono, ndiye palibe chifukwa choonjezera.

Wofunsa: Mulungu akudalitseni sisi, za usiku woyambazo ndinali nditalakwitsa kale. Nanga ine ndingagone nawo m'chipinda chomwecho? Ndikuopa kuwasiya okha.

Mlongo wogwira ntchito ku hotela, London: Mtengo umakhala wa anthu awiri, wachitatu amalipiritsa padera ndipo si chipinda chilichonse chimalowa bedi yowonjezera. Komanso mwana wamkulu ngati inu kugona chipinda chimodzi ndi bambo anu, mayi sangalole ngakhale mutalipira. Pezani hotela yotsika mtengo chapafupi, ku Waterloo kapena ku Covent Garden, muwasiye usiku mutawaonetsa zonse, m'mawa mudzabwere kudzadya nawo kadzutsa.

Mayi wa ku Luton: Kuwaonetsa zonseko musakuderere. Ife tinagoneka azakhali pa hotela ina yodula, sitinawauze za kafiriji kam'chipinda. M'mawa tinapeza atalongedza chilichonse m'chikwama, mtedza, chokoleti, timabotolo tonse, ati ndikagawire ana kumudzi. Gauni yosambira nayo inali pansi pa chikwama. Tinabweza zomwe zikanabwezeka, zotsalazo amuna anga analipira akutuluka thukuta. Uzani hotela ichotse zam'firijimo musanalowe, amachotsa.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Kkkkk azakhali sanalakwe, mlendo ukamuikira chakudya m'chipinda ndiye kuti ndi chake.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Poti bambo ndi a History, asalowe osadziwa kuti akulowa pati. Savoy inatsegulidwa mu Ogasiti 1889. Auzeni kuti nthawi imeneyo tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinali chili mkati momangidwa, chinayamba 1888 n'kutha 1891. Akamva zimenezo zaka zake azigwira msanga. Mwini hotelayo anali Richard D'Oyly Carte, anaimanga ndi phindu la zisudzo zanyimbo zomwe ankaonetsa ku Savoy Theatre, yomwe ili khomo ndi khomo ndi hotelayo mpaka lero. Chomwe chinadabwitsa anthu masiku amenewo ndi magetsi m'nyumba yonse, zikepe zoyendera magetsi, ndi madzi otentha otuluka pa mpopi nthawi iliyonse. Manejala woyamba wotchuka anali César Ritz, wophika wamkulu Auguste Escoffier. Onse awiri anachotsedwa ntchito mu 1898, ndipo hotela ya Ritz ya ku Piccadilly, yotsegulidwa 1906, ndi dzina la munthu yemweyo. Savoy inatsekedwa kumapeto kwa 2007 kuti ikonzedwe n'kutsegulidwanso mu Okutobala 2010, ndiye musaope kuti ndi chinyumba chakugwa.

Mukamafika pitani pa takisi, musavutike ndi masitepe a sitima yapansi ndi zikwama. Pakamsewu kolowera pakhomo, Savoy Court, galimoto zimayenda kumanja, pomwe Britain yense amayenda kumanzere ngati kwathu. Bambo aziona okha, musawauze, muone ngati azindikire.

Mayi wa ku Luton: Aphunzitsi mwaiwala mphaka!

Mphunzitsi wa ku Zomba: Ndimasungira pomaliza. Mu 1898 mkulu wina wa migodi ya dayamondi ya ku South Africa, Woolf Joel, anaitana anzake kudzadya ku Savoy, patebulo n'kukhala anthu 13. Azungu amati zikatero woyamba kunyamuka amwalira. Iye anaseka n'kunyamuka, patapita masabata ochepa anawomberedwa ku Johannesburg. Kuyambira cha m'ma 1920 hotelayo ili ndi mphaka wakuda wosema, dzina lake Kaspar, amene amamukhazika pa mpando ngati mlendo wa nambala 14 anthu akakwana 13, kansalu m'khosi, mbale patsogolo.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Ndiye ife tikaopa kadzidzi pa denga amati ndife osaphunzira? Mphaka wakuda patebulo kwathu kuno mfumu iyitanitsa bwalo tsiku lomwelo.

Wofunsa: Chonde zamphakazo mayi asazimve, ndi a Mvano, akapempherera hotela yonse.

Bambo wa ku Reading: Za zovala, musasokoneze Savoy ndi Ritz. Ku Ritz pa tiyi wamasana mwamuna ayenera jekete ndi tayi, jinzi salola. Ku Savoy safika pamenepo, bola munthu watchena mwaulemu, osati zovala zothamangira. Komabe bambo a m'badwo umenewo suti simuchita kuwauza. Tiyi wamasanayo amafuna kusungitsiratu malo masabata angapo, makamaka Loweruka ndi Lamlungu. Ndipo musanyengedwe ndi dzina loti tiyi, pamabwera masangweji, masikono ndi makeke mpaka munthu kulephera mgonero. Nsima ku Savoy kulibe, m'chipinda simungaphike. Bambo adye nsima yamphamvu masana musananyamuke ku Nottingham, usiku umodzi safa.

Agogo a ku Birmingham: Mwana wanga, ine ndakhala kuno zaka zoposa makumi awiri, ndilankhule ngati mayi ako. Chilundu avale, ndi duku lomwe. M'mahotela amenewo mumalowa amayi a ku Nigeria ndi mipango yofika kudenga, Aluya ndi mikanjo yawo, amwenye ndi masari, palibe amawatembenukira. Chomwe chingawachititse manyazi mayi ako ndi kuwaveka diresi lomwe sanavalepo ndi nsapato zogogoda, n'kumayenda ngati abwereka thupi. Ogwira ntchito m'malo otero amaphunzitsidwa kulemekeza aliyense wolowa pakhomo. Amene adzawapatse mantha ndi iweyo, ukamawanong'oneza mphindi iliyonse kuti foloko si imeneyo, musakweze mawu, musagwade polandira kiyi. Akafuna kugwada agwade, ndi ulemu wakwathu. Akafuna kupemphera asanadye apemphere.

Koma ndikufunse, usiku umenewu ndi wa bambo, wa mayi, kapena ndi wako? Bambo wawatchula ndi London wawo wa m'mabuku. Mayi ndamva zitumbuwa zokha. Unawafunsapo chomwe iwo akufuna kudzaona kuno?

Zamtengo, usaname. Ukati ndi yotchipa, tsiku lina mlamu wako adzayang'ana pa intaneti n'kuwauza, ndipo adzadandaula kuti unawapusitsa. Ungonena kuti zinalipiridwa kale ndipo ndalama sibwerera. Mayi wa kumudzi chinthu cholipiridwa kale sachisiya, adzasamba kawiri kuti madziwo asapite pachabe.

Wofunsa: Agogo mwandilasa. Zoona sindinawafunse.

Mtsikana wa ku Chiradzulu: Ndalowa mochedwa koma ndaona za bambo. Kuchokera pa Savoy kupita ku Trafalgar Square ndi mtunda woyenda pansi, kungotsata Strand. Pamenepo kuyambira Seputembala 2022 panaima chiboliboli cha John Chilembwe chomwe anapanga Samson Kambalu, Chilembwe atavala chipewa pafupi ndi mmishonale John Chorley, kutengera chithunzi cha 1914, nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Anachichotsa mu 2024 poti malowo ziboliboli zimasinthana, ndiye auzeni asanafike, angakhumudwe. Koma malo ake akaoneni. Kenako Westminster Abbey, manda a David Livingstone ali mkati momwemo, anamuika mu 1874, mtima wake unatsala kwa Chitambo ku Zambia. Kulowa n'kolipira, ndipo Lamlungu amatsegulira mapemphero okha. Mayi akatopa, kuseri kwa hotela kuli munda wamaluwa wa Victoria Embankment Gardens, mipando ilipo, munthu amakhala n'kumaona anthu akudutsa.

Bambo wa ku Area 25: Apa ndiye ndagonja, Chilembwe anafika pa Trafalgar ndi chipewa, ife tikanali pa feteleza.

Wofunsa, kubwereranso: Zikomo nonse. Dzulo ndinaimbira mayi, ndinangoti tsiku lina tidzakagona ku London malo abwino, mukufuna kudzaona chiyani? Anakhala chete kanthawi, kenako akuti akufuna kukwera boti pamtsinje, chifukwa chibadwire madzi aakulu anangowaona ali m'basi pa mlatho wa Liwonde. Zaka zonsezi sindinadziwe. Anafunsanso ngati agule buluku poti amva kuti kuno akazi onse amavala mabuluku, ndinati ayi, pititsani chitenje kwa telala. Bambo analanda foni n'kufunsa ngati chipewa chawo chakale chija chingaloledwe mu ndege.

Hotela ndailembera, ndikudikira yankho pa za shawa ndi chikole. Tsiku ndasuntha, likhala sabata yachiwiri, pakati pa sabata poti mtengo watsikako. Chatsala ndi ichi, ndalama sikwana zonse. Nditenge chipinda choyang'ana kumtsinje tiyi wamasana n'kumusiya, kapena chipinda wamba chopanda mtsinje, tiyi n'kumwa, boti n'kukwera?

Mlongo wogwira ntchito ku hotela, London: Mu Okutobala dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo mayi ndikuwaona akutseka makatani kukangoda. Boti la anthu onse limaima pa Embankment Pier, kuseri komweko, mtengo wake si woopsa, mutha kukwera mpaka ku Greenwich n'kubwerera. Tengani chipinda wamba, mu imelo mulembe kuti ngati chakumtsinje chidzakhale chopanda munthu tsikulo, akukumbukireni.

Agogo a ku Birmingham: Ndipo muwagulire majuzi ndi masokosi, pa boti mphepo yake si ya ku Liwonde.