Chionetsero chili m'February: kanivasi walendewera, nanga vanishi ndipake liti?

Wapenti_Zomba

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa khoma ku Blantyre kuti ndikaonetse zithunzi 14 sabata yachiwiri ya February. Za penti wa akiriliki zilipo 9, za penti wa oyilo 5, ndipo ziwiri mwa za oyilozo ndikumalizabe. Kanivasi ndimakoka ndekha, nsalu ya kaliko pa matabwa a paini, pansi ndimayamba ndi PVA ya nyumba, penti wa pakhoma uja. Chiyambire mvula, zitatu zazikulu za 120 cm x 90 cm zalendewera pakati, china chachita chuku kumbuyo. Kodi zingakonzeke? Nanga ndipake vanishi zonse kuti zizioneka mofanana?

Che Felemu

Achimwene, tiyambe ndi vanishi chifukwa ngozi yaikulu ili pamenepo. Za oyilo zisiyeni. Penti wa oyilo sauma pophwa madzi ayi, amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya, ndiye pamwamba pamauma m'masiku ochepa mkati mukadali mofewa. Vanishi weniweni amafuna miyezi 6, ndipo ngati munapaka mokhuthala ndi mpeni wopakira penti, dikirani mpaka chaka. Mukapupuluma, vanishi amalowerera m'penti, tsiku lodzamuchotsa adzachoka ndi utoto womwe. Ngati malo ena azilala pomwe ena akunyezimira, pakani retouch varnish (vanishi wopepuka wa kanthawi) kamodzi kokha, mopyapyala, chala chikasiya kumata.

Ziwiri mukumalizazo chepetsani linseed, mafuta osakaniza ndi penti aja. Mapenti ngati ivory black, ma cadmium ndi titanium white amachedwa kuuma, pomwe burnt umber mawa lake amakhala wagwira. Kadontho ka Liquin, mankhwala osakaniza ndi penti wa oyilo, kamafulumizitsa kuuma, koma musaunjikenso penti kuyambira pano.

Za akiriliki dikirani sabata yathunthu, kenako pakani magawo awiri opyapyala, chithunzi chitagona chagada patebulo, gawo lachiwiri mopingasa loyamba. Osapaka tsiku lamvula kapena m'mawa nkhungu ya ku Zomba ija isanachoke. Chinyezi chimatsekeredwa mkati, vanishi n'kuchita mbuu. Ndipo jambulani zithunzizo ndi kamera musanapake, chifukwa vanishi wonyezimira amabweza kuwala.

Zolendewerazo: kaliko ndi wopepuka kwambiri pa saizi imeneyo, ndipo paini wa pamsika nthawi zambiri amakhala asanaumitsitse, ndiye amapindikira mkati. Zulani masitepulo, ikani mtanda pakati pa felemu (iliyonse yopitirira 90 cm imafuna mtanda), kokaninso kuyambira pakati pa mbali iliyonse, mbali iyi kenako yoyang'anana nayo, mukupita kumakona. Masitepulo azitalikirana 5 cm, makona apindidwe pomaliza. Mukagogoda ndi chala izilira ngati ng'oma. Samalani kokha, PVA ya nyumba imathetheka mukakoka mwamphamvu, ndiye yesani kaye pa ngodya imodzi. Tembenuzaninso za oyilo zija. Mukaona madontho abulauni kumbuyo, ndiye kuti mafuta adutsa PVA n'kulowa mu ulusi, ndipo m'kupita kwa zaka nsaluyo idzafumbwa. Pano palibe chochita, koma ulendo wina gulani gesso (penti woyambira pa kanivasi), mupake magawo atatu, mukukwecha ndi sandipepa wa 220 pakati pake.

Nachisale Studio

Anthu adzakuuzani kuti muwaze madzi ofunda kumbuyo, kanivasi akoka yekha. Zimagwira ndithu pa kufota kwapang'ono, koma m'nyengo ino, pa nsalu yomwe yayamba kale chuku, mungoonjezera vuto. Chachukucho chipatuleni pa zinzake lero lomwe. Chiumitseni pa mthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, ndipo chikauma chipukuteni panja ndi burashi yofewa, mutavala masiki. Jik ayi, amadya ulusi. Mungathe kusisita pang'ono kumbuyo ndi thonje lonyowetsa mu surgical spirit, osalola kuti adutsire kutsogolo chifukwa amasungunula akiriliki. Zonse zikwezeni 10 cm kuchoka pa simenti, zisatsamire khoma lakunja, ndipo musazikulunge m'pulasitiki.

Ine nkhawa yanga ili pa ulendo. Zithunzi zambiri zimaonongekera mumsewu, osati mu situdiyo. Nyuzipepala isakhudze penti, inki imasamukira. Ikani baking paper kutsogolo, katoni m'makona, kenako bubble wrap timatuza take tikuyang'ana kunja. Tikayang'ana mkati timasiya mabala ozungulira pa akiriliki kukatentha. Sanjani choimika, nkhope ndi nkhope, msana ndi msana. Za oyilo zaziwisi khomerani timitengo ta 2 cm m'makona kuti chilichonse chisagunde penti. Kuchoka Zomba kufika Blantyre si kutali, komabe pezani galimoto yotseka. Mu minibasi kondakitala adzasanjikapo thumba la chimanga.

Bambo a Khoma

Poti mwati mwapatsidwa khoma, funsani eni malo msanga ngati amalola kuboola. Nyumba zakale ngati Mandala House ku Blantyre, komwe kuli malo oonetsera zithunzi a La Caverna, sungangofika n'kuyamba kukhoma misomali. Kwina amakhala ndi njanji zokolekapo kale.

Pakati pa chithunzi pazikhala 150 cm kuchokera pansi, zonse mzere umodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Kawerengedwe kake: 150, kuphatikiza theka la msinkhu wa chithunzi, kuchotsera mtunda wochokera pa waya womukoka kufika pamwamba pa felemu. Chithunzi cha 90 cm, waya ali 12 cm pansi pa nsonga: 150 + 45 − 12, msomali upite pa 183 cm. Ma D-ring, tizitsulo tomangirira waya kumbuyo kwa felemu, muwamange pa gawo limodzi mwa atatu kuchokera pamwamba. Ulusi wa nayiloni umatamuka, pofika tsiku lachitatu mzere wasokonekera. Zazikuluzo zikolekeni pa masikuluwu awiri okhala ndi mapulagi, sizipendekeka.

Za ndalama zilembedwe musanatsitse katundu. Pepala lionetse dzina la chithunzi chilichonse, saizi, mtengo, gawo la galari (eni malo oonetsera zithunzi), tsiku lolipira, ndi amene adzalipire chikaonongeka. Magalari ambiri amatenga pakati pa 30 ndi 50 peresenti, ndiye werengerani limodzi poika mtengo. Mtengo wa pakhomawo ukhalenso womwewo kunyumba. Wogula akadzamva kuti mnzake anatenga chofanana pa theka, sabweranso, galari nayo sikuitananinso. Kugulitsa chithunzi si kugulitsa umwini wa luso. Wogula sangasindikize pa makalendala kapena malaya popanda chilolezo chanu, lamulo la Copyright Act la 2016 limakutetezani, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa luso m'Malawi, angakufotokozereni bwino.

Wapenti_Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Ndiye ziwiri za oyilo zija zikapanda kuuma pofika tsikulo, ndipite nazobe?

Che Felemu

Dinani ndi chikhadabo mofatsa pamalo pokhuthala kwambiri, kutatsala sabata. Chikasiya chizindikiro, chitsale. Khoma la zithunzi 12 zotalikirana bwino, 40 cm kapena kuposerapo, limaoneka bwino kuposa 14 zothithikana, ndipo patsiku lotsegulira anthu amagwiragwira ngakhale mulembe kuti osagwira. Chikalimba koma chilibe vanishi, lembani kumbuyo mwezi womwe munamaliza, mumuuze wogula adzabwere nacho mu August mudzapake.