Magalimoto atatu amagetsi: ndigule kwa opanga kapena kwa wogulitsa wina?

Woyang'anira magalimoto:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto la kuntchito. Kampani yathu imanyamula timaphukusi, ndipo abwana andituma kuti ndipeze magalimoto atatu amagetsi ogwirapo kale ntchito. Zaka zonsezi ndagula a petulo ndi dizilo. Ndimadziwa kumvetsera injini, kuona utsi, kusuzumira oyilo. Apa palibe choti ndimvetsere, ndipo mtima suli m'malo. Ndapeza ma Nissan Leaf a batire ya 40 kWh, onse a 2020, malo awiri. Kwa dilala wa kampani yopanga mtengo ndi wokwera koma akuwonjezera waranti yawo. Kwa wogulitsa wina, magalimoto ofanana, mtengo watsika moti chotsala chingatigulire matchaja oika pamalo pathu. Abwana akufuna yankho Lachisanu. Ndilowere kuti?

Makaniko wa zamagetsi:
Mayi, musayambe ndi funso la kuti mugule kwa ndani. Yambani ndi batire, chifukwa ndalama zambiri za galimotoyo zagona pansi pa mipando. Leaf imaonetsa thanzi la batire ndi timizere 12 pa dashibodi, koma timizereto musatidalire tokha. Koyamba kamazimirira batire ikatsika kufika cha pa 85 peresenti, kutanthauza kuti galimoto ya 99 ndi ya 86 zonse zimaoneka zodzadza. Gulani kachipangizo ka OBD2, kowerengera kompyuta ya galimoto, mulowetse pansi pa chiwongolero, mulumikize ndi pulogalamu ya LeafSpy pa foni. Muona SOH, amene ndi mphamvu yotsala poyerekeza ndi pamene inali yatsopano. Muonanso QC, kuchuluka kwa maulendo amene yatchajidwa mothamanga. Leaf ilibe madzi oziziritsa batire amene magalimoto ena ambiri amagetsi ali nawo, ndiye kutentha ndi kutchaja mothamanga pafupipafupi kumaikalambitsa msanga. Pemphani kuyeza konsekonse, kwa dilala ndi kwa winayo. Amene akane, mwamudziwa kale.

Mwini mataxi:
Achimwene mwanena zoona, koma ine ndinapsa, ndiye ndilankhula monga wopsa. Ndinagula yanga yoyamba kwa wogulitsa wamba. Batire inali bwino, penti wonyezimira, mkati mwaukhondo. Patapita miyezi isanu nyale yochenjeza inayaka, ndinapita nayo kwa opanga. Atalemba nambala ya chassis mu kompyuta, mnyamatayo anangokhala chete kaye, kenako n'kunditembenuzira sikirini. Galimoto inachitapo ngozi yaikulu, a inshuwaransi anailemba kuti yatha ntchito, wina n'kuikonza n'kuigulitsa. Waranti yonse inali itafa kalekale. Kuyambira tsiku limenelo ndimagula kwa opanga basi. Ndalama yowonjezerayo ndi ya tulo tanga.

Makaniko wa zamagetsi:
Pepani madala, zimenezo zimawawa. Koma chimene chinakupwetekani si malo ogulira, ndi kusafufuza nambala ya chassis musanalipire. Mayi, lembani nambala zonse zitatu, zilembo ndi manambala 17 aja, mupite nazo kwa dilala wa Nissan. Afunseni zinthu zitatu: tsiku limene galimoto inagulitsidwa koyamba, ngati waranti ya batire ikadalipo, ndi ngati pali ntchito ya recall imene sinachitidwe, ija opanga amaitanitsa magalimoto kuti akonze vuto limene alipeza. Mufufuzenso mbiri ya ngozi padera, chifukwa si ngozi zonse zimene zimafika mu kompyuta ya opanga. Pa Leaf ya 40 kWh waranti ya mphamvu ya batire ndi zaka 8 kapena makilomita 160,000, chimene chayamba kukwana, ndipo imagwira ntchito timizere tikatsika pansi pa 9. Warantiyi imatsata galimoto, siitsata wogulitsa. Ndiye ngati ya wogulitsa winayo ili ndi mbiri yoyera, ili nayonso yomweyo.

Woyang'anira magalimoto:
Apa mwanditsegula maso. Ine ndimaganiza kuti waranti ya batire ndi imene dilala akundigulitsa. Nanga yowonjezera yawoyo ikuphimba chiyani?

Wogula magalimoto a kampani:
Funso limenelo ndiye lenileni, achemwali, ndipo muwafunse akupatseni cholemba, osati pakamwa. Kawirikawiri yowonjezerayo ndi ya zina zonse kupatula batire: tchaja ya mkati mwa galimoto, invata (yosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota), makina oziziritsa ndi otenthetsa, sikirini. Zinthu zimenezi si zotchipa zikafa, ndiye sindikuinyoza. Koma werengani malire ake. Ku America, Tesla ikagulitsa yokha galimoto yogwirapo kale ntchito imapereka chaka chimodzi kapena mamailosi 10,000 waranti yoyamba ikatha. Kwa munthu wopita kuntchito n'kubwerera ndi zokwanira. Kwa inu onyamula katundu tsiku lonse, mtunda umenewo mungautsirize chaka chisanathe n'komwe. Muonenso ngati pali mawu okhudza galimoto yochitira malonda, chifukwa makampani ena amachepetsa kapena kuchotsa waranti galimoto ikakhala ya bizinesi. Ngati mawuwo alipo, mukulipira chinthu chimene sichidzakutetezani.

Chinanso chimene anthu amaiwala: galimoto yogulidwa kudziko lina n'kuitanitsa nthawi zambiri waranti siiwoloka nayo malire. Funsani winayo kumene magalimoto ake anachokera.

Mwini mataxi:
Nkhani ya bizinesiyo ndi yoona, ife a mataxi timaidziwa bwino. Komabe mundivomereze chimodzi. Kwa opanga, recall amaimaliza asanakupatseni makiyi.

Wogula magalimoto a kampani:
Ndikuvomera bambo, ndipo recall pa galimoto zamagetsi si nkhani yaing'ono. Mu 2021 General Motors inaitanitsa ma Chevrolet Bolt onse, kuyambira a 2017 mpaka a 2022, chifukwa cha chiopsezo cha moto m'mabatire, ndipo ambiri anaikidwa batire yatsopano. Hyundai nayo inasintha mabatire m'ma Kona amagetsi ambirimbiri chaka chomwecho. Apa pali mbali ziwiri. Galimoto imene sinakonzedwe ndi yoopsa. Koma imene inakonzedwa ndi mwayi, chifukwa mukugula thupi lakale lokhala ndi batire yatsopano. Zonsezi nambala ya chassis imaulula, kaya galimoto yaima pakhomo pa ndani.

Makaniko wachikulire:
Ana inu mwatanganidwa ndi makompyuta, ine ndikumbutse za pansi. Mayi, uzani makaniko wanu aikweze m'mwamba. Aone chikuto cha batire ngati chinagundapo mwala kapena kupindika. Aone mabuleki. Galimoto zimenezi zimachepetsa liwiro ndi mota nthawi zambiri, mabuleki enieni amangokhala, ndiye amachita dzimbiri n'kumata. Ndachotsapo madisiki ofiira ngati dothi pa galimoto yooneka yatsopano. Matayala amathanso msanga chifukwa cha kulemera. Ndipo kabatire kakang'ono ka 12V musakaiwale. Kakafooka galimoto siidzuka ngakhale yaikuluyo ili yodzadza, dalaivala n'kumakuimbirani m'mamawa kuti galimoto yafa.

Woyang'anira magalimoto:
Ndabwera kumene, ndikupatseni zimene ndapeza. Wogulitsa winayo sanavute, anandilola kulowetsa kachipangizo. Yoyamba SOH 88, yachiwiri 87, zonse makilomita ochepera 70,000. Dilala watsimikiza kuti waranti ya batire ilipo pa ziwirizi ndipo palibe recall yotsala. Mabuleki a kumbuyo a yachiwiri ndi adzimbiri monga ananenera madala, ndawauza achotsere pamtengo ndipo avomera. Yachitatu ndiyo yandisokoneza. Yayenda makilomita opitirira 110,000, QC yadutsa 900, koma SOH ikuti 99. Wogulitsa akusangalala, akuti imeneyo ndiye yabwino kuposa zonse.

Makaniko wa zamagetsi:
Imani pomwepo mayi. Batire yoyenda mtunda umenewo, yotchajidwa mothamanga kochuluka chotero, singakhale pa 99. Pali njira ziwiri zokha. Mwina batire inasinthidwa, ndipo pakhale pepala losonyeza amene anasintha ndi tsiku lake. Kapena wina anafufuta zimene kompyuta ya batire inasunga, ndiye ikuyamba kuwerenga ngati yatsopano. Zikatero timizere timabwerera tonse 12, kenako pakapita masabata angapo timayamba kugwa, galimoto ili kale m'manja mwanu. Sindikuti wogulitsayo ndiye anachita, mwina naye anaigula choncho. Ngati mukufuna kutsimikiza, iyendetseni mpaka batire itsike kwambiri, mupondereze pachitunda mukuyang'ana LeafSpy. Imaonetsa magulu 96 a maselo. Gulu lofooka limagwa lokha pansi pa anzake, simungaliphonye.

Woyang'anira magalimoto:
Ndinafunsa pepala, alibe. Ndinaimbiranso dilala, mu kompyuta yawo mulibe zoti batire inasinthidwapo. Sindinavutikenso ndi chitunda, ndaisiya. Ndalembera abwana kuti titenge ziwiri kwa wogulitsayo, yachitatu kwa dilala. Kumenekonso ndinayeza, poyamba anazengereza koma analola, SOH 90. Waranti yawo yowonjezera ndaiwerenga yonse, ya bizinesi siikuchotsedwa, ndiye imeneyo ndipatsa dalaivala wa ulendo wautali. Abwana asayina masana ano. Funso lotsiriza achimwene: tizitchaja usiku pamalo pathu, ndiye ndiziuza madalaivala azidzadza mpaka 100?

Makaniko wa zamagetsi:
Ngati ikunyamuka m'mawa womwewo, 100 palibe vuto. Chimene batire imadana nacho ndi kukhala yodzadza masiku angapo osayenda, makamaka padzuwa. Leaf ya chaka chimenecho ilibe poikira malire a 80, ndiye gwiritsani ntchito taimala ya mkati kuti kutchaja kuzitha nthawi yonyamuka itayandikira. Loweruka madzulo musazilumikize, mudzazitchaje Lamulungu usiku. Ndipo lembani SOH ya iliyonse lero m'buku la galimoto, muzibwereza miyezi itatu iliyonse. Ikadzafika nthawi yokadandaula za waranti, bukulo lidzakulankhulirani.

Mwini mataxi:
Mayi, kachipangizo kanuko munagula ka mtundu wanji? Sabata yamawa ndikukaona ina, ndipo ulendo uno ndikufuna ndiyeze ndekha.