Ndalama ya chaka chino: kabuku ka akatswiri a ligi ya masukulu kapena bwalo?

Alembi: Moni nonse abale, a kumudzi ndi a kutali omwe. Atcheya andituma kuti ndibweretse pano nkhani imene inatsala pa msonkhano wathu ku Ntcheu. Pa ndalama imene tasonkha chaka chino pabwera maganizo awiri. Ena akuti tisonkhanitse mbiri ya ligi ya masukulu a sekondale a dera lathu, tilembe amene ankatenga chikho chaka ndi chaka, tisindikize kabuku, tipachikenso bolodi mu holo. Ena akuti yonse ipite kubwalo: magolo achitsulo, maukonde ndi mipira. Lankhulani momasuka, koma mwaulemu.

Aphunzitsi opuma: Zikomo alembi. Ganizo la kabukuli ndinabweretsa ndine, ndiye ndiyambe. Ndakhala mphunzitsi wa zamasewero kwa nthawi yaitali, ndipo chikundipweteka n'chakuti palibe pepala ngakhale limodzi lonena amene anapambana chaka chiti. Mabuku a muofesi ena anadyedwa ndi chiswe, ena ananyowa denga litasasuka. Chikho chakale chija, cha chigwiriro chimodzi, chili m'kabati koma sichinalembedwe dzina lililonse. Anzanga amene tinkaimbira nawo mpira, ambiri tinawaika m'manda. Otsalafe tikuiwala. Mwezi wathawu ndinatsutsana ndi mnzanga pa za chaka cha njala cha 2002, iye akuti ligi inaseweredwa mpaka kumapeto, ine ndikukumbuka kuti tinaimitsa chifukwa ana sankabwera kusukulu. Tonse tinalipo, koma sitikugwirizana. Tikachedwa, wofunsa adzasowa womufunsa.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, ulemu wanu. Munandiphunzitsa ndinu kuima pagolo, sindingakunyozeni. Koma ndinabwera pa Khirisimasi, ndinaliona bwalo lija. Magolo ndi milongoti ya bulugamu, mbali ya kumtsinje madzi anakumba ngalande, mwana akhoza kuthyoka mwendo. Timu yonse mpira umodzi wosokasoka. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpira wabwino sukulu singaugule payokha. Ife kuno timagona mochedwa kuti tipeze kangachepe kotumizako. Ndikufuna ndalama yangayo ndikaione ikugwira ntchito pa mwana amene akusewera lero.

Asungichuma: Ndingothandiza pa mbali ya thumba. Ndalama ilipoyi singakwanire zonse ziwiri mokwanira. Magolo achitsulo ndi kuwotcherera komwe atenga gawo lalikulu. Kabuku mtengo wake uli pa kusindikiza ndi maulendo a ofufuza. Bolodi lokha silodula, mmisiri wolemba zikwangwani alipo pamsika pomwepa.

Mayi a ku Area 25: Ine funso langa lipite kwa aphunzitsi. Mbiri mukunenayi ndi ya anyamata okha? Chifukwa ife a mpira wamanja tinkayenda nanu pa lole imodzimodzi, kuimba nyimbo zomwezo, ndipo zaka zina anyamata atagonja ndife tinkabwera ndi ulemu kusukulu. Koma pa asembule ankatchula ogoletsa zigoli basi. Taonani dziko lonse: ma Queens anamaliza pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse mu 2007 ku Auckland, ndipo mu 2015 ku Sydney Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse. Ku mpira wa miyendo, Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, kumudzi ngati kwathu konkuno, ndipo Temwa mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America. Ngati kabukuko kalibe masamba a atsikana, dzanja langa sindikweza.

Aphunzitsi opuma: Mayi, mwalankhula zoona. Mpira wamanja ulowa, ndipo mbiri yake ndi imene yatayika kwambiri. Mudzatithandize inuyo kupeza anzanu a nthawi imeneyo.

Achimwene a ku Joni, ndakumvani. Koma ndikufunseni. Mwana wa Fomu 2 mukamufunsa amene anatenga Super League mu 2016, ayankha msangamsanga kuti Kamuzu Barracks. Mu 2017 Wanderers, mu 2024 Silver Strikers. Akuluakulu adzakuuzani kuti ligiyo inayamba mu 1986 ndipo oyamba kuitenga anali Bata Bullets. Za Flames nazonso timazidziwa: chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, ndi tsiku lija tinachinya Algeria 3-0 ku Angola mu 2010. Timazidziwa chifukwa alipo anazilemba. Mwana yemweyo sadziwa kuti bambo ake omubereka anagoletsa chigoli chimene chinabweretsa chikho pa sukulu imene iye akuphunzira. Ndaona ana akusintha kaseweredwe atangouzidwa kuti jezi avalayo ili ndi mbiri.

Amalume a ku Ndirande: Ine sindikutsutsa kabuku, koma ndikuchenjezeni, mukuputa mavu. Chaka chija ndime yomaliza inathera mumdima mudzalemba ndani? A sukulu ya kumishoni amati anapambana chifukwa ankatsogola 1-0 woimbira asanathetse masewero. A sukulu ya kutsidya amati chigolicho chinali cha ofusayidi, anthu analowa m'bwalo, ndipo anagwirizana zobwereza koma sanabwereze. Mpaka lero pamaliro anthu akakhala pamoto usiku nkhaniyi imabuka. Nanga chaka chimene timu ina inaseweretsa mnyamata woti anasiya sukulu kalekale, wa ndevu zake, ali ndi mkazi kunyumba? Chikho anatenga, aliyense akudziwa. Mukalemba dzina la sukuluyo pabolodi, ena adzati gulu lathu ladalitsa chinyengo. Mukalisiya, enanso adzati tawalanda.

Achemwali a ku Leeds: Amalume, vuto limenelo lili ndi njira yake. Chaka chokanganirana tisaweruze ife. Pabolodi tilembe kuti masewero sanathe, ndipo m'kabuku tiike mbali zonse ziwiri monga momwe eni ake akufotokozera, popanda kutchula dzina la munthu amene sanavomere. Chaka cha 2020 n'chosavuta, sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, tingolemba kuti ligi sinachitike. Chimene ndikukana ine n'kudzaza mipata ndi zongoganiza kuti bolodi lioneke lokongola. Pamene sitinapeze umboni pakhale popanda kanthu.

Mnyamata wa Fomu 4 chaka chatha: Pepani akuluakulu kuti ndalowerera. Ndinali kaputeni wa timu ya CDSS. Funso langa ndi ili: sukulu yathu kale inali MCDE, anthu amati ku DEC. Zikho za nthawi imeneyo zidzawerengedwa zathu? Chifukwa a kumishoni amatiseka kuti tilibe mbiri.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe, wafunsa bwino. Boma linasandutsa ma DEC kukhala ma CDSS cha m'ma 1998, koma malo ndi omwewo, midzi yotumiza ana ndi yomweyo. Bullets inakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenako Nyasa Big Bullets, ndipo zikho zake amaziwerenga pamodzi. Zanunso tidzatero. Ndipo ndikuuze, anyamata a ku DEC ankavuta kwambiri, ambiri ankasewera opanda nsapato koma a kumishoni ankawaopa.

Achimwene a ku Joni: Mnyamatayu wandikhudza. Komabe funsani yemweyo kuti chimene chinawavuta chaka chatha n'chiyani.

Mnyamata wa Fomu 4 chaka chatha: Zoona achimwene, ndi bwalo. Masewero athu apakhomo awiri tinakasewerera kwa eni ake chifukwa woimbira anakana bwalo lathu. Tinayenda wapansi, tinafika titatopa. Koma kabukukonso ndikukafuna. Agogo anga amati ankasewera nambala 9, ndipo palibe amawakhulupirira.

Mayi a ku Area 25: Ndiye bwanji tigawe ntchito m'malo mogawa anthu? Kufunsa okalamba sikufuna ndalama yambiri. Foni iliyonse imajambula mawu. Ana a sukulu omwewo apite kwa agogo awo ndi mafunso olembedwa, aphunzitsi aunike. Amene ali ndi zithunzi zakale m'masutikesi azijambule atumize pano. Kusindikiza kudikire chaka chamawa.

Achemwali a ku Leeds: Ndikugwirizana nazo. Ndiwonjezere kuti wina wa ku Zomba akayese ku National Archives, kumene amasunga nyuzipepala zakale, mwina zotsatira zina za masukulu zinatulukamo. Thiransipoti ya ameneyo ndilipira ine, isachoke m'thumba la gulu.

Amalume a ku Ndirande: Ngati zili choncho ndavomera, koma komiti younika isakhale ya sukulu imodzi. Mukhale wa kumishoni, wa kutsidya, wa ku CDSS ndi mayi mmodzi wa mpira wamanja. Ndipo amfumu adziwitsidwe tisanayambe kuyenda m'makomo mwa anthu.

Aphunzitsi opuma: Sindibisa, ndimafuna kabukuko ndikagwire m'manja chaka chino, chifukwa msinkhu wanga si wodikira. Koma ngati kujambula mawu kuyamba mwezi uno, ndilola kuti magolo atsogole. Pempho langa ndi limodzi: tiyambe ndi abambo aja ankaimbira mpira asanabwere ine, amene pano sakuonanso bwino. Ndi okhawo otsala amene anaona ligi ikuyamba.

Asungichuma: Ndiye ndiwerengere motere: magolo, maukonde, mipira ya miyendo ndi ya manja, kukwirira ngalande, kenako bolodi ngati yatsalako. Mitengo ndibweretsa kuchokera kwa amisiri atatu kuti tifananize.

Alembi: Ndalemba zonse. Voti ikhala yotsegula mpaka Lamlungu madzulo. Lembani 1 ngati mukufuna bwalo chaka chino ndi kuyamba kujambula mawu a okalamba, 2 ngati mukufuna kabuku kasindikizidwe chaka chino. Amene mukudzipereka kulowa mu komiti younika, tchulani sukulu imene munaphunzira.