Mpingo ungathandize bwanji mabanja amene akukhala motalikirana?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatumikira m'mipingo yosiyanasiyana, makamaka akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi atsogoleri a miphakati. Kuno ku Mangochi mabanja ambiri a mumpingo mwathu akukhala motalikirana, chifukwa abambo ena anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito ndipo amatha zaka osabwera, pamene ena amakhalitsa kumadoko a ku Makanjira ndi Monkey Bay akupha usipa. Mayi amatsala yekha ndi ana, ndalama zimabwera pafoni mwa apo ndi apo, ndipo mphekesera zikayamba kumveka pamjigo, ankhoswe amaitanidwa madzi atafika kale m'khosi.

Chilangizo chathu chimathera pa tsiku la ukwati, zimene ine ndikuona kuti n'zosakwanira. Kodi kwanuko mpingo umawayendera bwanji mabanja otere popanda kuoneka ngati ukulanda udindo wa ankhoswe? Nanga pamene wina ndi Mkhristu ndipo mnzake ndi Msilamu, monga zimachitikira kawirikawiri kuno, mumayamba kukambirana ndi ndani, achibale a mbali zonse ziwiri kapena atsogoleri a kumzikiti?